Ndiwo Zopanda Mchere kwa Mestre Amadeu

Dzina la apongozi anga sinditchula ndi pakamwa. Kuno ku Matema aliyense amangoti mestre Amadeu, ngakhale tiana tongoyamba kumene kuyankhula, koma ine mtengwa wawo ndimati agogo ake a Denise. Lero ndalilemba chifukwa pepala silidziwa manyazi.

Anabadwira ku Tsangano, kumapiri kozizira kumene kumachokera mbatata ya kachewere imene timadya kuno. Nkhondo itafika anathawira ku Ntcheu adakali mnyamata. Kumsasa wa othawa nkhondo kunali alfayate wina, wosoka zovala wodziwika, koma wopuwala dzanja limodzi. Iwo ankamupukusira makina, iye n'kumawongolera nsalu ndi dzanja lotsalalo. Zaka ziwiri anapukusa osagwirako nsalu. Chaka chachitatu anasoka kabudula wawo woyamba, mwendo wina wautali kuposa unzake, ndipo amati mwini wake anamuvala mpaka kung'ambika chifukwa analibe wina.

Atabwerera kumudzi anakwatira, nabereka ana anayi. Amuna anga a Aurélio ndiwo chitsiriziro. Malasha a ku Moatize atayamba kuitana anthu, iwo anakulunga makina awo m'thumba natsikira ku Tete. Mpaka lero amakhala pakhonde pathu moyang'ana msewu, kuika zigamba pa zovala za anthu a kumgodi ndi kufupikitsa zovala za ana asukulu. Fita yoyezera ali nayo, koma imangolendewera m'khosi. Amakuyang'ana kamodzi, pronto, chovala chikukwana. Apongozi aakazi anamwalira ine ndisanalowe m'banjali, ndiye wowaphikira ndine.

Kupatula makina, chimene amakonda pansi pano ndi chikowa, nsomba youma ija yothira mchere mpaka kuyera ngati yagwera m'phulusa. Ndiwo ikakhala nyemba, pambali pakhale kachidutswa ka chikowa. Ikakhala nyama, chimodzimodzi.

Mwezi wa Outubro chaka chatha, dzuwa la ku Tete likuwotcha mpaka nkhuku kumayenda zitayasama, tezora yodulira nsalu inawapulumuka m'manja. Anaitola, inagwanso. Dzanja lamanja linali litachita dzanzi, mutu ukuzungulira. A Aurélio anawakweza chopela, kanjinga kamoto ka matayala atatu konyamula anthu, kupita nawo kuchipatala chaching'ono cha kufupi ndi kwathu. Kumeneko enfermera Ivone, namwino amene timamutcha mana Ivone, anawamanga lamba pamkono, napopa, nayang'ana nambala, napopanso.

"Sentu i oitenta," anatero mana Ivone, kutanthauza 180. "Mestre, tensau yanu, kuthamanga kwa magazi, yakwera kwambiri. Muzimwa komprimido imodzi m'mawa uliwonse, mchere muchepetse, mubwerenso pakatha mwezi. Mukapanda kutero, tsiku lina mbali imodzi ya thupi idzauma, dzanja ili silidzagwiranso tezora."

Patapita masiku awiri a Aurélio ananyamuka ndi kamyau, lole ya abwana awo, ulendo wa ku Beira ndi kupitirira, wa masabata asanu. Pakhomo anandisiyira mawu akuti, "Make Denise, bambo ali m'manja mwako."

Mawu amenewo anandikomera. Mwezi womwewo ndinali nditangomaliza formasau, maphunziro a masiku atatu a ma ativista, ife oyenda m'makomo kukumbutsa amayi za sikelo ndi katemera. Anatipatsa kamizeti yobiriwira, malaya a pantchito, ndi buku la zithunzi. Wotiphunzitsa anali mana Ivone yemweyo, ndipo ankabwereza chinthu chimodzi mpaka kutopetsa. Munthu sasintha chifukwa mwamuuza. Mupempheni kaye kuti mukambirane. Mufunseni. Akayamba kuyankha, tsekani pakamwa. Asankhe yekha kanthu kamodzi kakang'ono kamene angathe. Ndipo mukhale naye pafupi, maso ndi maso.

Ndinalemba zonsezo mukope mwanga bwinobwino, koma mumtima ndinkati kufunsa ndi kwa anthu osadziwa. Ine ndinafika setima kalasi, ndili ndi kamizeti, ndili ndi buku. Ndifunsenso chiyani?

Za maso ndi masozo ndiye zinali zosatheka. Kwathu ku Angónia mtengwa sakhala mpando umodzi ndi apongozi aamuna, sawayang'ana kumaso, sawayankhula ngati mnzake. Ife tinali ndi njira yathu. Mwana wanga Denise anali ndi miyezi isanu ndi itatu, ndipo nkhani zonse za panyumba zinkadzera mwa iye.

"Denise, uwauze agogo ako kuti madzi ali kubafa."

"Denise, uwauze amako kuti ndamva."

Denise akungoyamwa chala chakuphazi. Akagona, panyumba pankakhala zii, ngati rede ya foni yathawa.

Ndiye m'mawa wina ndinavala kamizeti, ndinayala mphasa kumapeto kwa khonde, ndinamukhazika Denise, n'kutsegula buku patsamba la mtima wokhala ndi mtsempha wotsekeka. Ndinagwada chammbali, nkhope ku mpanda.

"Denise, uwauze agogo ako kuti mchere umapha. Uwauze kuti mtsempha umaphulika m'mutu, munthu n'kugwa ngati thumba la chimanga. Uwauze kuti chikowa asiye, lero lomwe. Chachiwiri..."

Ndinafika pa chachisanu, ndikuwerenga ndi zala. Makina sanaime ngakhale pang'ono. Nditamaliza, anadula ulusi ndi mano.

"Denise, uwauze amako kuti ine ndinayamba kudya mchere bambo awo asanamere mano. Uwauzenso kuti ukutafuna buku lawo."

Ndinamulanda mwana bukulo, tsamba la mtima litanyowa kale ndi dovu. Tsiku lomwelo ndinaganiza nzeru imene ndinaiona ngati yaikulu kwambiri. Ngati makutu akana, mphika sukana. Ndinasiya kuthira mchere m'ndiwo. Osati kuchepetsa ayi, kusiyiratu. Timabulu ta kaldo tokometsera ndiwo nato ndinatibisa. Sindinauze munthu. Wanga mchere ndinkathira m'mbale yanga kukhitchini, mobisa, chifukwa ine tensau ndinalibe.

Sabata yoyamba anadya osadandaula. Ndinkabweza mbale zopanda kanthu n'kumadziuza kuti, Gizela, uli ndi mphatso. Ndinauzako ngakhale anzanga a ma ativista kuti munthu wouma mutu kwambiri m'bairo monse, m'dera lathu lonse, ndamugonjetsa m'masiku asanu ndi awiri.

Sabata yachiwiri anayamba kusiya theka. Ndikamatuluka masana kupita m'makomo, ankaimitsa makina n'kumandiperekeza ndi maso mpaka pakona pamene pamaima ma chopela. Ine ndinkati akusirira ntchito yanga.

Sabata yachitatu anasiyiratu kudya zanga. Anakoka kambaula pafupi ndi makina, n'kumawotcha okha chikowa, m'mawa ndi madzulo, fungo mpaka kwa aneba. Ndinaonanso kuti ayamba kumunyamula Denise pafupipafupi, kumukanikiza timapazi ndi chala, kumumvetsera pachifuwa. Mapazi awo omwe anali atatupa, ankapalasa makina atavula nsapato. Ndinkafuna kulalikiranso, koma mfundo zisanu zija zinali zitatha, ndinalibe yachisanu ndi chimodzi.

Lachinayi la sabata imeneyo kunabwera azakhali a amuna anga, mai Balbina, mlongo wawo wa apongozi, amene amagulitsa mbatata ku Chingodzi. Anakhala pakhonde nthawi yaitali akunong'onezana ndi achimwene awo. Kenako anadzuka, namanga kapulana, chitenje chawo, mwamphamvu.

"Mtengwa, tiye kuseri."

Tinaima pafupi ndi thanki ya madzi. Sanandifunse n'komwe kuti ndadzuka bwanji.

"Ndani?"

"Ndani chiyani, azakhali?"

"Usandiyese mwana, iwe. Ndi wa chopela uja amakutsitsa pakona? Kapena ndi amene anakupatsa malaya obiriwirawa?"

"Malayawa anandipatsa ndi mana Ivone."

"Ivone ali ndi ndevu?"

Iwo anatsitsa mawu, koma maso ali gwa pa ine.

"Sabata yoyamba achimwene anati, mwina mwanayu ali kumwezi, sangagwire mchere, ndi wolangizidwa bwino, ndipirire. Yachiwiri anati, kaya, mwezi wake ndi wautali. Yachitatu, mwezi wanji umenewo? Mkazi amuna ake ali ku Beira, iye akuthawa mchere masabata atatu, masana aliwonse akutuluka atadzola mafuta. Ukanakhala iwe ukanaganiza chiyani?"

Zimenezi anandilangiza ndithu kwathu nditatha msinkhu, kuti mkazi akakhala kumwezi sathira mchere, ndiponso kuti mkazi akayenda ndi mwamuna wina n'kuthira mchere m'ndiwo, amadula a m'nyumba, mapazi kutupa, chifuwa kuwawa, ena mpaka kufa. Ndinkazidziwa ngati dzina langa. Koma m'masiku atatu a formasau mchere unasanduka nkhani ya mitsempha yokhayokha m'mutu mwanga, zakwathu zonse n'kuthawa.

"Achimwene akuti chifundo uli nacho, sukufuna kuwapha," anapitiriza azakhali. "Koma mapazi awo atupa, ndiye akuti mwina unaiwala n'kuthirako kamodzi. Makomprimido anasiya kalekale, akuti matenda awa si a chipatala. Loweruka akufuna akwere chapa, minibasi ya ku Tsangano, akafune mankhwala a mdulo, akaonanenso ndi ankhoswe ako."

Ndinalira kaye. Kenako ndinathamangira m'nyumba, ndinabweretsa buku, tsamba lotafunidwa lija, ndi chigubu cha mchere chimene ndinabisa m'thumba la makala. Ndinafotokoza zonse, mamina ali chuchuchu. Azakhali anayang'ana buku, anayang'ana ine, kenako anayamba kuseka. Anaseka mpaka kukhala pa ndowa, ndowayo n'kupindika.

"Mayo ine! Ndiye unkawachiritsa?"

"Ee, azakhali."

"Wachita bwino, dotora. Munthu ankadya chikowa kamodzi patsiku, tsopano akudya kawiri. Ankamwa mankhwala, tsopano wasiya. Ukawachiritsa sabata inanso tikumba manda."

Anapita kukhonde kukawauza. Ndili kuseriko ndinamva makina ataima. Kenako ndinamva apongozi akutsokomola, chifuwa chija cha munthu amene alibe chifuwa. Madzulo amenewo Denise sanatumidwe mawu aliwonse, kuchokera kulikonse.

M'mawa mwake ndinapita kwa mana Ivone. Ndinkayembekeza kuti andilanda kamizeti. Anamvetsera nkhani yonse atagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka.

"Tsono mestre unawafunsa chiyani?"

"Ndinawauza kuti..."

"Sindinati unawauza chiyani. Unawafunsa chiyani?"

Ndinayang'ana pansi. Iye sananenenso kanthu. Anangokhala, akusewera ndi cholembera. Bata lija linandiwotcha mpaka ndinayamba kuyankhula ndekha, kuti sindinafunse kalikonse, kuti sindikudziwa n'komwe chimene anamva tsiku lija kuchipatala, kuti mwina ndikayambire pamenepo. Ndili pakhomo potuluka m'pamene ndinazindikira kuti wandichita ine zomwe ankatiphunzitsa zija.

"Makomprimido okha asadikire mawa," anandiuza ndikutuluka. "Zinazo pang'onopang'ono."

Nditafika kunyumba Denise anali atagona kumsana. Ndinazengereza, koma ndinayala mphasa, ndinamugoneka pakati, ndinagwada. Kamizeti ndinali nditavula.

"Denise wagona," ndinatero, ndikuyang'ana mpanda.

Apongozi anatsokomolanso. "Ameneyu amamva ali m'tulo."

"Denise, uwafunse agogo ako ngati angalole tikambeko za tsiku lija la kuchipatala. Akakana, palibe mlandu."

"Uwauze amako kuti afunse."

"Uwafunse kuti iwo anamva zotani kumeneko."

Anati anamva kuti magazi akuthamanga, ndipo makomprimido ndi oletsa chizungulire. Chizungulire chitatha, anaona kuti ntchito yake yatha. Za kutupa mapazi anangoti, "zinazo azakhali a bambo ako anena kale," n'kuyamba kupukuta makina amene anali oyera kale.

Lilime langa linkayabwa. Mayankho onse ndinali nawo, atafola pamzere. Ndinaluma nsonga ya kapulana.

"Denise, uwafunse kuti pa zonse zimene ananena a enfermera, chimene chinawakhala pamtima ndi chiti."

Sanayankhe msanga. Ndege inadutsa kutsikira ku Chingodzi, galimoto ya madzi inadutsa, ine ndikuluma kapulana. Ndinawerenga mumtima mpaka makumi atatu, ndinayambiranso.

"Kufa sindiopa, Denise," anatero. "Anzanga onse a kumsasa anapita. Koma mphunzitsi wanga uja, tsiku lina ndinachedwa kubwera, ndinali kumpira. Ndinamupeza atakhala pa makina, nsalu ili pansi pa singano, mwini nsalu ataima pambali. Ankayesa kupukusa ndi chigongono. Atandiona anatembenukira kukhoma kuti ndisaone misozi. Munthu wamkulu, wa ndevu zake. Ine sindifuna kudzadikira mwana wa munthu kuti abwere kuchokera kumpira."

Zaka ziwiri ndakhala nawo nyumba imodzi, kuwaphikira, kuwachapira, koma zimenezi sindinkazidziwa. Ndinapempha kudzera mwa Denise ngati ndinganeneko chinthu chimodzi chokha chimene ndinaphunzira. Analola. Ndinati tensau siimveka m'thupi, imakwera munthu akuseka, ndipo komprimido imagwira ntchito tsiku limene wamwa lokhalo. Ndinalekera pomwepo. Mfundo zinayi zotsalazo ndinameza, zinandipweteka pakhosi ngati minga ya nsomba.

"Uwafunse kuti iwo akuona kuti angathe chiyani."

"Chikowa sindisiya."

Ndinatsala pang'ono kudumpha. Kapulana inang'ambika pang'ono m'mano.

"Koma agogo ako aakazi ankachiviika m'madzi kuyambira m'mawa, n'kutaya madziwo kawiri, chifukwa ana ankadandaula. Chinkakomabe. Amako angatero. Lachitatu ndi Lamulungu, masiku enawo ayi. Ndipo timabulu tija amako ankafikisira m'ndiwo, tiwiritiwiri, ine sindinatikondepo. Timakoma ngati sopo. Ndinkangodya mwaulemu."

Kaldo! Ine ndinkathira tiwiri pa mphika, kuwonjezera pa mchere wodzaza dzanja, kuti aone kuti mwana wawo anakwatira mkazi wodziwa kuphika za m'tauni. Mana Ivone anatiuza kuti timabulu timeneti ndi mchere wokhawokha. Ndiye kuti theka la mchere umene ndinkawadzudzula nawo unkachokera m'dzanja langa lomwe.

Kenako anatsegula kabati kakang'ono ka makina, anafufuza pakati pa mabatani, natulutsa dedali, kachisoti kachitsulo kovala kuchala posoka. Anakaika pamphasa pafupi ndi phazi la mwana.

"Mchere, kamodzi aka pa mphika, kosasefukira. Uwauze amako athire okha, ndi dzanja lawo. Ndidya."

Mtengwa sapepesedwa ndi apongozi, zimenezo kulibe. Koma ndinamva, ndipo iwo anadziwa kuti ndamva. Ndinatola kadedali ndi manja awiri.

Makomprimido anasankha okha malo ake, m'kabati momwemo pafupi ndi kabotolo ka mafuta a makina, chifukwa m'mawa uliwonse asanayambe ntchito amadontheza mafuta. Anati makina amwe, mwini wake amwe. Anamwa imodzi pomwepo ine ndikuona ndi ngodya ya diso. Za chapa ya Loweruka sizinatchulidwenso.

Sindinganame kuti zonse zinayenda myaa. Tsiku lina anabwera kuchokera kwa mnzawo wokonza njinga milomo ili mbuu, fungo la chikowa chowotcha lili thupi lonse, tsikulo lili Lachisanu. Ndinayamba bwino, "Denise, uwafunse agogo ako kuti zinavuta pati lero," koma ndinapitiriza mpaka mfundo yachitatu ndisanadzigwire. Iwo anangoti, "Denise, wailesi ya amako yayakanso." A Aurélio atabwera n'kumva nkhani yonse kwa azakhali, anaseka mpaka kutuluka panja, ndipo mpaka pano ndiwo zikachepa mchere amandifunsa kuti wa chopela ali bwanji.

Kuchipatala tinapita titachedwa ndi masabata awiri, iwo patsogolo, ine pambuyo ndi mwana. Mana Ivone anamanga lamba, napopa. Ine mtima unkagunda ngati woyezedwa ndine.

"Sentu i sinkwenta i seyishi," anatero, kutanthauza 156. "Yatsika, mestre, koma sinafike pamene tikufuna. Mapazi aphwa. Mwachita chiyani?"

Apongozi anakhala tsonga, nafotokoza m'Chinyungwe chawo chothyokathyoka za kuviika chikowa, za dedali, za mafuta a makina. Anati zonsezi anaziganiza okha. Ndinatsegula pakamwa kuti ndikonze mbiriyo. Mana Ivone anandiyang'ana, ndipo ndinakumbukira kuti n'zoona, anaziganiza okha. Langa linali kung'amba kapulana basi.

Anatipatsa tsiku lina lobwerera. Zala ziwiri za dzanja lamanja zimachitabe dzanzi m'mawa kukazizira, amayamba azipinda ndi kuziwongola asanagwire nsalu, ndipo mana Ivone akuti mwina zidzatero mpaka kalekale. Titafika kunyumba anatenga choko chawo cholembera nsalu, nalemba tsikulo pachitseko ndi manambala akuluakulu, nakhala pa makina. Panali makabudula asanu ndi limodzi a ana asukulu ofunika Lolemba.